Musanatenge kamwana ka galu, werengani izi



Tsiku lina mwana wanu adzachokera kosewera atanyamula kagalu m'manja, n'kunena kuti, "Amayi, andipatsa." Ena mwa inu mudzakagula pa msika, ena achibale a ku Machinga adzakubweretserani pa njinga m'katoni. Kagalu n'kosangalatsa ndithu, koma galu wosamalidwa bwino amakhala ndi moyo zaka 10 kapena kupitirira apo, ndipo zaka zonsezo adzakhala akugona pakhomo panu, kununkhiza miphika yanu ndi kunyambita ana anu. N'chifukwa chake nkhani ya galu taiika m'tsamba la zaumoyo. Galu akadwala, matenda ena amafika kwa anthu, ndipo amodzi mwa iwo, a chiwewe, akayamba kuonekera sachizika.

Kodi musankhe galu wamtundu wanji?

Amene mwafikako ku Nampula kapena ku Blantyre mwaonako tiagalu ting'onoting'ono timene anthu a m'tauni amasunga m'nyumba. Pali Maltese, ka ubweya woyera wautali. Pali Chihuahua, kochokera ku Mexico, kamene ngakhale katakula nthawi zambiri sikapitirira makilogalamu 3. Palinso Jack Russell, kamene anthu a ku England ankasakira nako nyama zolowa kuuna. Achinyamata ena amatikhumbira timeneti chifukwa timadya pang'ono komanso anzawo amawayang'ana akamayenda nato.

Tisanakane kapena kuvomera, dzifunseni kuti galu mukumufuniranji. Kuno ambiri timafuna galu woti auwe usiku kukabwera wakuba kapena fisi, ndiponso woti athamangitse anyani ndi nguluwe kumunda. Chihuahua kuuwa amauwa kwambiri, koma nyani sangamuope, ndipo fisi akhoza kumutola ngati nkhuku. Ubweya wa Maltese umafuna kupesedwa tsiku ndi tsiku. Akangodutsa m'udzu kamodzi umadzaza chisoso, ndipo nkhupakupa zimabisala m'kati mwake osaoneka. Agalu a mphuno yophwatalala, monga pug, amavutika kupuma kukatentha, ndiye taganizirani dzuwa la mu October m'mbali mwa nyanja muno. Jack Russell ndi wolimba ndipo amapha makoswe bwino, koma mtima wake ndi wosaka, kotero mukapanda kumuphunzitsa adzayamba ndi anapiye anu kenaka a oyandikana nawo.

Ife tikuona kuti kwa banja la kumudzi kuno, galu woyenera ndi wathu yemweyu wachikuda, wa ubweya waufupi, wa msinkhu wapakati. Anazolowera kutentha, amadya zimene zilipo, ndipo sadwaladwala ngati agalu obwera. Ngati mukufuna wochepa thupi, sankhani mwana wa galu wamkazi wochepa thupi. Chenjerani ndi ogulitsa pa msika amene amatchula kagalu kalikonse ka ubweya wambiri kuti ndi "haibridi" pofuna kukweza mtengo. Koma musamve molakwa: galu wachikuda nayenso amadwala chiwewe chimodzimodzi ndi galu wodula.

Kaoneni mayi wake

Musatenge kagalu musanaone kumene kanabadwira. Pitani nokha, muone mayi wake. Ngati ndi woonda mpaka nthiti kuwerengeka, wothothoka ubweya, kapena wolusa kwambiri moti eni ake omwe akumuopa, ana ake adzakuvutani. Funsani eni ake mafunso atatu awa. Kodi mayiyu analandira katemera wa chiwewe, ndipo liti? Kodi pali ana ena amene afa, ndipo anafa motani? Kodi pakhomopo panabwera galu wachilendo kapena nkhandwe imene inaluma agalu masiku apitawa? Yankho la funso lomalizali likakhala lakuti inde, bwererani chimanjamanja ngakhale kagaluko akukupatsani ulere.

Kagalu kayenera kukhala ndi mayi wake mpaka masabata 8, ndiye kuti miyezi iwiri. Ambiri amachotsa tiana tili ndi masabata atatu kapena anayi, poopa kuti ena awatsogolera kusankha. Kagalu kotere kamalira usiku wonse, kamatsekula m'mimba, ndipo nthawi zambiri kamafa. Mkaka wa mayi woyambirira ndi umene umakapatsa chitetezo m'thupi, ndipo posewera ndi abale ake m'pamene kamaphunzira kuti kuluma kumapweteka. Kochotsedwa msanga kamakula kali kolumaluma.

Mukafika pa tianato, khalani pansi mutiyang'ane kaye. Kabwino ndi kamene kakubwera kudzakununkhizani, maso ake ndi owala opanda manthongo, mphuno yake sikutuluka mamina, ndipo kumbuyo kwake kulibe zotsalira za chimbudzi cha madzi. Tukulani mlomo muone nkhama. Zikhale zofiirira. Zikakhala zoyera, magazi ndi ochepa, kawirikawiri chifukwa cha njoka za m'mimba kapena nthata. Mimba yaikulu ngati ng'oma pamene miyendo ndi yoonda si kukhuta ayi, ndi njoka.

Kagalu kotola pa msewu, pa doko kapena pa msika, kamene simukudziwa mwini wake, kasiyeni. Tiana ta agalu timadwalanso chiwewe, ndipo ngozi yake ndi yaikulu chifukwa kagalu kakaluma mwana anthu amangoseka, amati kakusewera.

Wamkazi kapena wamwamuna? Wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pa chaka, amatenga bere kwa masiku pafupifupi 63, ndipo akhoza kuswa ana asanu kapena kupitirira. Ngati simudziwa kumene mudzapereke anawo, ganizani bwino. Wamwamuna amayendayenda kutsata aakazi, amamenyana ndi agalu a midzi ina, ndipo m'ndewu zimenezi ndi mmene amatengera chiwewe. Kufula galu wamwamuna kumachepetsa kuyendayendaku, koma ntchitoyi ndi ya alangizi a ziweto, osati ya lumo la kunyumba.

Konzani pakhomo kagalu kasanafike

Choyamba gwirizanani m'banja. Mwana wa zaka 7 amene walirira kagalu sangakhale mwini wake weniweni. Pakhale munthu wamkulu amene adzaonetsetse kuti kadya, kamwa, ndipo kapita ku katemera.

Nthawi yabwino yotenga kagalu ndi pamene mwakolola, nkhokwe zili ndi chimanga. Kotenga mu January kapena February, anthu eni ake akudya kamodzi pa tsiku, kamakulira kudzala ndi kuseri kwa zimbudzi. Mukakatenga mu June kapena July kumbukirani kuti usiku kumazizira, ndipo kagalu kakang'ono sikapirira mphepo.

Kakonzereni malo akeake pa khonde kapena kakhola kofolera bwino, kosadontha, kokhala ndi mthunzi. Yalani thumba louma, ndipo muzilichapa ndi kuliyanika padzuwa. Kasagone pamphasa imodzi ndi ana. Kapezereni mbale ziwiri zakezake, ina ya chakudya ina ya madzi, ndipo mbalezi zisasakanikirane ndi za anthu pa thandala. Madzi akhalepo tsiku lonse. Galu wa m'mbali mwa nyanja akasowa madzi kunyumba amapita kukamwa ku gombe, kumene ng'ona imamudikira.

Kagalu ka miyezi iwiri kazidya kanayi pa tsiku, pang'onopang'ono. Pofika miyezi itatu kapena inayi kazidya katatu, ndipo kakakwana miyezi 6 kawiri n'kokwanira. Nsima yokha kapena phala la madeya lokha silikuza galu. Kuno tili ndi mwayi wa nsomba. Sinjani matemba ouma muthire m'phala lake, kapena phikani mitu ndi matumbo a mlamba ndi makumba, muchotse minga, musakanize ndi nsima. Dzira lophika, nyemba zotsala ndi masamba pang'ono ndi zabwinonso. Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ikuluikulu musakapatse, zimabaya kukhosi ndi m'matumbo. Anyezi wambiri amaononga magazi a galu. Mankhwala a makoswe ndi a m'munda akhale pamwamba, pakuti kagalu kamalawa chilichonse. Ndipo kakadwala musakamwetse Panado kapena mankhwala ena a anthu ochepetsa ululu, akhoza kukapha.

Pali chizolowezi china chimene tikufuna kuchidzudzula poyera. Ena amadyetsa galu tsabola kapena chamba, amamumenya, kapena kumumanga pa chingwe chachifupi padzuwa tsiku lonse kuti akhale wolusa. Galu wotere sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa mlongo wanu amene wabwera kudzapala moto. Galu wodya bwino amene amakonda eni ake amauwa yekha mlendo akafika usiku, safuna tsabola. Kaphunzitseni kagalu kadakali kakang'ono kubwera mukakaitana ndi kusiya nkhuku mukakaletsa. Kakachita bwino kapatseni kachidutswa ka nsima, kadzamva msanga kusiyana ndi ndodo.

Ganiziraninso oyandikana nawo. M'midzi yathu muli mabanja ambiri amene mwa chipembedzo chawo safuna galu awakhudze kapena anyambite ziwiya zawo. Galu wanu asamapite ku mjigo, ku chitsime kapena pa thandala la eni ake.

Njoka za m'mimba, nthata ndi mphutsi

Pafupifupi kagalu kalikonse kamakhala ndi njoka za m'mimba, chifukwa kamazitenga kwa mayi wake kasanabadwe komanso poyamwa. Mazira a njokazi amatuluka m'chimbudzi cha galu n'kukhala m'dothi miyezi yambiri. Mwana wokwawa amene amaika dothi m'kamwa amawameza, ndipo tinjoka take tikhoza kuyenda m'thupi mpaka ku chiwindi kapena m'maso. Njoka za mtundu wina zimaboola khungu la munthu woyenda wopanda nsapato kapena wokhala pa mchenga wonyowa, n'kusiya mzere woyabwa wokhotakhota. Choncho wolani chimbudzi cha galu m'mawa uliwonse ndi khasu, mukataye m'chimbudzi kapena mukwirire mozama, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo akasewera ndi galu, asanadye.

Mankhwala a njoka amaperekedwa masabata awiri alionse mpaka kagalu katakwana miyezi itatu, kenaka mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, ndipo pambuyo pake miyezi itatu iliyonse. Muyezo wake umatengera kulemera kwa galu, ndiye funsani alangizi a ziweto, musangoyerekeza.

Nkhupakupa muzizichotsa tsiku ndi tsiku, makamaka m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo musaziphwanye ndi zikhadabo zanu. Dibi ya ng'ombe yosasungunula bwino yapha tiagalu tambiri. Oilo wakale wa galimoto sachiza mphere ya galu, amangootcha khungu ndipo galu akamunyambita amadwala. M'nyengo ya mvula yang'anani timatuza ta kabowo pakati, pamimba ndi m'miyendo. M'kati mwake muli mphutsi za ntchentche imene imaikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo. Pakani Vaseline pa kabowoko, dikirani pang'ono, kenaka finyani mphutsiyo ituluke yathunthu. Ntchentche yomweyi imaikiranso mazira pa zovala zoyanika pansi, ndiye matewera a mwana muziyanika pa chingwe padzuwa.

Kagalu kakayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba magazi onunkha kwambiri, mwina ndi matenda a parvo. Kwa anthu safika, koma amapha tiagalu m'masiku ochepa. Katemera wake amayamba pa masabata 6 mpaka 8. Kumene akupezeka, ndi wofunika kumugula.

Chiwewe

Apa werengani mofatsa, ndipo muwerengerenso amene sadziwa kuwerenga.

Chiwewe, chimene ku chipatala mudzamva akuchitcha raiva pa Chipwitikizi, chimayamba ndi kachilombo kokhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi polumidwa, pokandidwa, kapena nyamayo ikanyambita pa bala, m'maso kapena m'kamwa. Kakalowa sikayenda m'magazi. Kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. N'chifukwa chake munthu amatha kukhala bwinobwino miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kale, iye ataiwala. Nthawi zina matenda amayamba patangotha sabata imodzi, nthawi zina patatha chaka. Wolumidwa kumaso, m'khosi kapena m'zala amadwala msanga, ndipo ana ndi amene amalumidwa malo amenewa chifukwa ndi afupi.

Kachilombo kakafika ku ubongo, munthu amatentha thupi, amamva kuyabwa kapena kubaya pa chipsera, amasokonezeka, amaopa madzi ngakhale ali ndi ludzu, ndipo kamphepo kakamuomba kumaso amadzidzimuka. Zikafika apa palibe chipatala, kuno kapena ku Maputo, chimene chingamuchize. Mabanja ambiri amati walodzedwa, ndipo agogo osalakwa amanenezedwa, pamene woyambitsa ndi galu amene analuma miyezi itatu yapitayo.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 alionse odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo mwa anthu 10 alionse akufa nacho, anayi ndi ana osakwana zaka 15. Chomvetsa chisoni n'chakuti katemera wake si watsopano. Louis Pasteur wa ku France anabaya mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe mu 1885, ndipo mnyamatayo anapulumuka.

Kagalu kanu kalandire katemera wa chiwewe kakakwana miyezi itatu, ndipo kazibwereza chaka ndi chaka. Koma obaya katemera akafika m'mudzi kagalu kanu kasanakwane miyezi itatu, kanyamuleni ndithu, kabayidwe, kenaka kadzabayidwenso kakakula. Katemerayu sapha galu, samulepheretsa kusaka kapena kuuwa, ndipo samuchititsa kukhala wosabereka monga ena amanenera.

Galu wanu yekha sakwanira. Akatswiri anapeza kuti agalu 7 mwa 10 alionse a m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa kolowera n'kuzilala. Izi zinaoneka pafupi pompano. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu mu mzinda wa Blantyre, ndipo chaka choyambacho linabaya agalu opitirira 35,000. M'zaka zotsatira, ana ofika ndi chiwewe ku chipatala cha Queen Elizabeth anachepa kwambiri. Ndiye tsiku la katemera likalengezedwa, musangotenga wanu, kagogodeninso kwa a neba. Mafumu, tithandizeni pa msonkhano.

Galu wachiwewe mungamudziwe bwanji? Khalidwe lake limasintha. Wofatsa amayamba kuluma chilichonse, mitengo, miyala, ngakhale mwini wake. Amathawa pakhomo n'kuyenda mtunda wautali, mawu ake ouwa amasintha, dovu limachucha. Koma pali mtundu wina wachete umene umapusitsa anthu. Galu amangogona, chibwano chili lende, akulephera kumeza ngati watsamwa fupa. Musalowetse dzanja m'kamwa mwake kufuna fupalo. Nkhandwe kapena fisi wolowa m'mudzi masana wosaopa anthu muzimuganiziranso chiwewe. Mbuzi kapena ng'ombe yolumidwa ndi nyama yotere ikayamba kudwala, musaiphe kuti mudye.

Wina akalumidwa

Musathamangire kufunsa mwini galu kaye. Tengani sopo ndi madzi ambiri, mutsuke balalo kwa mphindi 15. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali, wina azithira madzi wina akutsuka, ndowa ikatha atunge ina. Sopo wochapira zovala ndi wokwanira. Kutsuka kumeneku kumachotsa tizilombo tambiri tisanalowe m'mitsempha. Musathire tsabola, mchere, phulusa, mankhwala azitsamba kapena ubweya wootcha wa galuyo, ndipo musamange balalo molimba.

Mukatero pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala ndi laling'ono, ngakhale woluma ndi kagalu ka miyezi iwiri. Katemera wa anthu amabayidwa maulendo angapo pa masiku osiyana, kuyambira tsiku loyamba, kenaka patatha masiku atatu, patatha masiku 7, ndi ena amene adokotala angakuuzeni. Malizani onse. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi makanda akhoza kubayidwa popanda vuto. Katemera akasowa pa chipatala chaching'ono, pemphani kalata mupite kumene akutumizani, kaya ndi ku Insaca kaya ku Cuamba. Tikudziwa kuti ulendo ndi wodula ndipo m'dzinja misewu imavuta. Gulitsani nkhuku, bwerekani kwa achibale, koma musadikire kuti muone ngati mwana adwale. Ngati papita kale masabata chilumidwire ndipo munthu sanayambe kudwala, apitebe.

Galu wolumayo ngati ndi wodziwika, musamuphe. Mutsekereni kapena mumumange pamthunzi, muzimupatsa chakudya ndi madzi, ndipo mumuyang'anire kwa masiku 10. Akakhala wamoyo ndi wathanzi pakutha pa masiku amenewa, ndiye kuti analibe chiwewe m'malovu pa tsiku limene analuma. Akafa, akadwala kapena akasowa, dziwitsani achipatala ndi alangizi a ziweto msanga. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 amenewa, ayambe katemera. Galu wosadziwika amene waluma anthu angapo, dziwitsani mfumu ndi ofesi ya boma ya SDAE imene imayang'anira za ulimi ndi ziweto. Mtembo wake musaugwire ndi manja, ndipo ana ndi agalu ena asauyandikire.

Phunzitsani ana anu

Auzeni kuti asasokoneze galu amene akudya, akugona kapena akuyamwitsa. Asamugende miyala pochokera ku sukulu. Galu wachilendo akawathamangira, asathawe, aime chilili ngati mtengo, manja atapinda pachifuwa, osamuyang'ana m'maso. Akagwa pansi adzipinde, abise nkhope ndi khosi. Koposa zonse, auzeni kuti akalumidwa kapena kukandidwa anene, ndipo inu musawakwapule akanena. Ana ambiri amabisa bala poopa chikoti cha bambo, chifukwa anawaletsa kupita kumene analumidwirako.

Galu ndi malire

Ife timaoloka tsiku ndi tsiku, kupita ku msika, ku maliro, ku chigayo, ku Nayuchi kapena ku Entre-Lagos, ndipo agalu amatitsatira. Asodzi a pa Chiuta ndi pa Amaramba amasamuka nawo agalu kuchoka doko lina kupita lina. Galu wotenga chiwewe tsidya lina akhoza kuoneka wathanzi kwa milungu ingapo n'kudzadwalira tsidya lino. Mwa lamulo, galu woolotsedwa malire amafuna chikalata cha katemera ndi chilolezo cha a zaziweto. Wachibale akakubweretserani kagalu kochokera ku Malawi, funsani khadi lake kapena la mayi wake. Ngati palibe, kasungeni pakokha, kasasewere ndi ana, ndipo kaonetseni kwa alangizi a ziweto sabata yomweyo.

Galu wanu akabayidwa, khadi limene mwapatsidwa mulisunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi makadi a sikelo a ana. Tsiku limene adzalume munthu, khadi limeneli ndi limene adzafunse achipatala ndi a mfumu. Pa 28 September, tsiku limene Pasteur anamwalira mu 1895, dziko lonse limakumbukira matenda a chiwewe kuyambira mu 2007, ndipo ntchito zobaya agalu kawirikawiri zimachitika m'nyengo imeneyi. Masiku ndi malo a katemera m'dera lanu tidzawalengeza pa wailesi a zaziweto akatidziwitsa. Pa tsikulo bwerani ndi galu ali pa chingwe, wogwira akhale munthu amene galuyo amamudziwa, ndipo tiana muike m'dengu kapena m'katoni.